Magomero: Kodi Mudziwu ndi wa Yani?

Buku lija takhala tikupatsirana nyengo yonse yozizira labwerera kwa mwini wake, chikuto chitapindikapindika chifukwa choyenda m'zikwama za nkhomaliro. Lidayambira ku Scarborough, lidakagona ku Brampton milungu itatu, kenaka ku Mississauga. Ena mwaliwerengera m'basi popita ku shifiti ya usiku, ena mwangomva pokambirana. Pamsonkhano wapitawu mudati ine ndilembepo maganizo anga m'kalata yathu ino, poti kwathu ndi ku Chiradzulu komweko. Ndavomera, koma ndineneretu kuti sindine mphunzitsi wa mbiri. Ntchito yanga ndi yosamala okalamba. Ndinena zomwe ndaona, mukanditsutse tikakumana.

Bukuli ndi Magomero: Portrait of an African Village, lolembedwa ndi Landeg White, ndipo lidasindikizidwa ndi Cambridge University Press m'chaka cha 1987. White adali wa ku Wales, adaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi mpaka boma la Kamuzu lidamuthamangitsa mu 1972, ndipo adamwalira mu 2017. Nkhani yake ikuyambira mu 1859 kufika m'zaka za m'ma 1980. Chigamulo changa nchachidule: liwerengeni, ndi buku labwino zedi, koma musalimeze lonse ngati phala. Muli mafupa.

Ndiyambe ndi funso lomwe achimwene ena a ku Ntcheu adafunsa tsiku lija, anthu nkuseka. Adatsegula mapu pafoni nkunena kuti, "Nanga mudzi wa Magomerowo uli pati? Ine ndikungoona koleji." Sadalakwe ayi. Mutu wa bukuli ukuti mudzi, koma mukawerenga mupeza kuti dzina la Magomero lakhala likusamuka ngati mkamwini wosakhazikika. Poyamba lidali dzina la kamudzi ka mfumu Chigunda m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi. Kenaka lidakhala dzina la mishoni. Kenaka dzina la esiteti yaikulu ya maekala opitirira 160,000. Lero ndi dera, ndi koleji yophunzitsa za chitukuko cha m'midzi. Poyamba ndidaona ngati wolemba watinamiza ndi mutu wakewo. Nditafika pakati ndidazindikira kuti phunziro lenileni lili pomwepo: mudzi si chinthu chomwe chidakhalapo kuyambira kalekale osasintha. Malo amakhala, anthu ndi mayina zimabwera nkupita.

Chomwe White wachita bwino koposa ndi kutionetsa kuti nthaka, mtsinje ndi phiri nazonso zimalemba mbiri. Amene simudafikeko, taganizirani motere. Mukachoka ku Limbe kulowera ku Zomba, phiri la Chiradzulu limakhala kudzanja lamanja. Mukadutsa Njuli ndi Mbulumbuzi mufika pa Namadzi, pomwe boma la Chiradzulu likumana ndi la Zomba. Mukapatukira kummawa, dziko limayamba kutsika pang'onopang'ono kulowera kuchigwa cha Phalombe ndi nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda potulukira madzi, yomwe imaphwa zaka zina monga idachitira mu 1968 ndi 1995. Magomero ali pamenepo, pakati pa mtunda ndi chigwa. Ndi malo odutsa. Wochokera kummawa, ku Mozambique, adutsa pamenepo. Wopita kumtsinje wa Shire, adutsa pamenepo.

Mu Julaye 1861 David Livingstone adafika kuno ndi Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA. Panjira, pamudzi wa Mbame, adamasula akapolo 84 omwe adali m'magoli. Chigunda adawapatsa malo pomwe Namadzi amakhota nkuzungulira mtunda mbali zitatu, kotero kuti kumanga linga mbali imodzi yotsalayo kudali kokwanira. Kwa munthu woopa nkhondo, malo abwino. Koma ikani anthu mazana pakamtunda kotero, mtsinje womwewo akumwa, womwewo akusamba, womwewo ukulandira zonyansa zonse mvula ikagwa. Kamwazi adayamba kutola anthu. Amishoni nawo adalowerera nkhondo ya Amang'anja ndi Ayao, nkumatentha midzi ya anthu omwe sadawadziwe bwino. Mackenzie adafa ndi malungo pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire. Mnzake Henry Burrup adafa mwezi wotsatira ndipo manda ake ali pa Magomero pomwepo. Pofika Epulo mishoni idasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa, chaka chisanathe nkomwe. Kenaka idagwa njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, ndipo dera lija lidatsala pafupifupi bwinja.

Gawo limeneli limakoma kuwerenga, sindikana. Koma fupa loyamba lili pomwepa. Amishoni aja adali anthu a mabuku. Horace Waller, Henry Rowley, Lovell Procter, onse ankalemba za tsiku ndi tsiku. Motero timadziwa zomwe adadya, zomwe adakangana, tsiku lomwe mimba idawapweteka. Nanga amayi ndi ana aja adamasulidwa m'magoli? Timawaona kudzera m'maso mwa mzungu yemwe chilankhulo chawo ankachimva mwa apo ndi apo. White amayesetsa ndithu kuwerenga zolembazo mozitembenuza, kuti aone zomwe Chigunda ankafuna, osati zomwe bishopu ankaganiza kuti Chigunda akufuna. Pamenepo ndimuyamikire. Komabe miyezi yochepa ya alendo olemba imatuluka yowala ndi yodzaza kuposa zaka zambiri za eni dera omwe sadasiye pepala. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, koma mame awa adasiya inki. Powerenga muzidzifunsa nthawi zonse: apa cholembera chidali m'manja mwa yani?

Mtima wa bukuli, kwa ine, ndi nkhani ya esiteti. Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone, munthu wofulula mowa ku Edinburgh, adapeza dziko lonse lija asadapondepo phazi, ndipo adamwalira mu 1893. Nthawi imeneyo Harry Johnston ankapereka kwa azungu zikalata za umwini wa malo zotchedwa Certificates of Claim. M'zikalatamo mudali mawu oti midzi yomwe idalipo kale isasokonezedwe. Mwamva bwino pamenepo? Yomwe idalipo kale. Wobwera pambuyo analibe chitetezo chilichonse. Ndiye esiteti ili ndi dziko lalikulu koma manja ochepa. Khofi adakanika, adayamba thonje, pambuyo pake fodya, ndipo zonsezi zimafuna anthu. Anthuwo adachokera kummawa: Alomwe othawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhondo za Apwitikizi, ena othawa njala. Adawoloka malire mabanja mabanja kuyambira cha m'ma 1900, nkumanga midzi ngati wa Mpotola ndi wa Mpawa. Esiteti idawalandira ndi manja awiri, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa munthu wopanda kobwerera sakana zomwe wauzidwa.

Apa ndi pomwe mawu athu abwino aja, thangata, kuthandizana kumunda, adasanduka chitonzo. Pamapepala lamulo lidali loti mwezi umodzi ugwirire lendi ya malo, mwezi wina ugwirire msonkho wa nyumba. Koma wowerenga masiku adali kapitawo, ndipo mwezi wa pa esiteti unkatalika kuposa mwezi wa kumwamba. Ntchito ya thangata inkafika nthawi ya dzinja, pomwe munda wako ukufunanso khasu. Malipiro nthawi zina adali fodya m'malo mwa ndalama. Sukulu ndi matchalitchi zidaletsedwa, ndipo matchalitchi a udzu omwe anthu a John Chilembwe ankamanga ankatenthedwa. Chilembwe adali atakhazikitsa mishoni yake ya PIM ku Mbombwe mu 1900, pafupi ndi malire a esitetiyo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu adalowa m'nyumba ya manijala William Jervis Livingstone, yemwe ankamutcha Listonia, nkumudula mutu. Pa 3 Febuluwale Chilembwe naye adaphedwa.

Tonse tidaphunzira za Chilembwe kusukulu, nkhope yake ili pandalama yathu, ndipo pa 15 Januwale timamukumbukira. Koma kusukulu adatiphunzitsa ngati nkhani ya munthu mmodzi wolimba mtima. White akutionetsa kuchokera pansi, kuchokera m'mizere ya thonje, ndipo ukamaliza umaona kuti mkwiyo uja udali ndi adiresi yake, udali ndi maekala ake ndi masiku ake obedwa. Apa bukuli ndi lamphamvu, ndipo sindidziwa lina lomwe lidandifotokozera thangata momveka chonchi.

Ndinene za kwathu pang'ono, chifukwa ndi zomwe zidandigoneka mochedwa. Agogo anga aakazi ankalankhula Chilomwe ndi achemwali awo okha, kuseri kwa nkhokwe, motsitsa mawu. Ife ana tikayandikira ankasinthira ku Chichewa. Ndili mwana ndinkayesa ndi nkhani za akuluakulu zosayenera ana. Ndi bukuli lomwe landionetsa kuti adali manyazi obadwa nawo, a anthu omwe ankatchedwa Anguru, anthu obwera, anthu a ganyu. Lewis Bandawe ndi anzake adayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943 pofuna, mwa zina, kuti dzina lonyozalo lichoke m'mabuku a boma. Lero kalembera wa 2018 akusonyeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa asanu alionse ndi Mlomwe, ndipo kuli chikondwerero cha Mulhako kwa Chonde chaka ndi chaka. Koma ine Chilomwe sindichidziwa, kupatula moni. Thangata adatha mwalamulo mu 1962, koma adapita ndi chilankhulo cha pakhomo pathu.

Fupa lachiwiri ndi nthawi yomwe bukuli lidalembedwa. Amene mudakula nthawi ya chipani chimodzi mukudziwa. Mzungu wafika pamudzi ndi kope, akufunsa mafunso, wapampando wa chipani ali pomwepo kapena amva madzulo. Munganene chiyani? Za Listonia munena momasuka, adafa kalekale. Za makadi a chipani, za achinyamata a Payoniya, za mitengo ya ku ADMARC, za maesiteti atsopano omwe eni ake tsopano adali akuda anzathu, pamenepo munthu amayang'ana uku ndi uku nkuyamba kukamba za mvula. Kumbukirani kuti chaka chomwe bukuli lidatuluka, 1987, ndi chaka chomwe Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu. Sindikumuimba mlandu White, ayi. Akadalemba zonse akadaika pamoto anthu omwe adamulandira. Koma wowerenga adziwe kuti zaka za pambuyo pa 1964 zikulankhula ndi pakamwa potseka theka. Mawu ambiri a nthawi imeneyo akadali m'mitu mwa makolo athu.

Fupa lachitatu ndi la chiwerengero cha anthu, ndipo apa ndi pomwe tidakangana kwambiri. Bukuli si kalembera, ndiye manambala ndibweretse ndine. Boma la Chiradzulu ndi lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 767. Mu 1998 mudali anthu 236,050. Mu 2018 adapezeka 356,875. Ndiye kuti anthu opitirira 450 pa sikweya kilomita iliyonse, pomwe dziko lonse la Malawi mu 2018 lidali ndi 186. Kupatula chilumba cha Likoma ndi mizinda, palibe boma lothithikana chonchi. Kuti mumvetse, mzinda wa Toronto ndi masikweya kilomita 630, wocheperako pang'ono kuposa Chiradzulu, ndipo mu 2021 mudali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni. Koma wa ku Toronto sadya za pamalo pomwe wagonapo. Chakudya chake chimabwera pathiraki. Wa ku Chiradzulu nsima yake iyenera kutuluka pakamunda komwe kamuzungulira, ndipo mabanja ambiri alibe ngakhale hekitala imodzi.

Mayi ena pamsonkhano adati, "Basi vuto ndi kuberekana, anthu achuluka." Bambo ena adati, "Ayi, vuto ndi azungu adalanda malo." Ine ndikuti bukuli likutithandiza kuona kuti mayankho awiriwa ndi amodzi. Anthu sadangomera ngati bowa ku Chiradzulu. Dera lomwe njala ndi nkhondo zidalisiya lopanda anthu lidadzazidwa dala, chifukwa esiteti inkafuna manja otsika mtengo. Pomwe mpungwepungwe wa malo udakula, boma la atsamunda lidaitana Sir Sidney Abrahams mu 1946 kudzafufuza, njala ya 1949 idabwera, ndipo m'zaka za m'ma 1950 boma lidagula mbali yaikulu ya malo a Bruce nkukhazikapo anthu. Koma munda womwe udakwanira banja limodzi nthawi imeneyo wagawidwa kwa ana, kwa zidzukulu, tsopano kwa zidzukulutudzi. Nthaka sikula. Pomwe ndikudandaula ndi poti White amatisiya pakhomo pa nkhaniyi. Amatifotokozera bwino momwe anthu adabwerera, koma masamu a kugawa munda, omwe ndiwo akudya anthu lero, wowerenga ayenera kuwachita yekha.

Masamuwo ine ndimawachitira pafoni. Mwezi wathawu achemwali anga adandiimbira: munda wa amayi ugawidwe pakati pa ana aakazi anayi, ndipo funso nkumati ine wa ku Canada ndiwerengedwe kapena ayi. Feteleza ndimagula ndine chaka chilichonse. Koma kulima sindilima. Ndiyankhe bwanji? Kwathu malo amayenda kuchikazi, mwamuna amakakhala chikamwini, ndipo wofufuza wina, Pauline Peters, yemwe adatsatira mabanja a m'midzi ya kummwera kwa Zomba kuyambira 1986, adaonetsa kuti mwambowu udapirira ngakhale maesiteti, amishoni ndi boma onse ankakonda kuchita zinthu ndi amuna. Amene mukufuna kumvetsa za amayi ndi nthaka muwerenge White pamodzi ndi Peters. Koma onse awiri sadzakuuzani chochita ndi mwana wamkazi yemwe ali ku Etobicoke.

Ndipo kuthithikana kumapha. Anthu akasowa malo amakwera phiri, amadula mitengo, amalima ndi kumanga m'makhwawa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mbali ya phiri nkukokolola mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe. Madzi saiwala khwawa. Atolankhani adati ngozi yachilengedwe. Wowerenga Magomero adziwa kufunsa funso lina: chidawakankhira anthu kuphiriko nchiyani, ndipo chidayamba liti?

Fupa lomaliza likutikhudza ife tomwe. Buku lomwe lasankha kukhala pamalo amodzi limaona bwino obwera, koma ochoka amazimiririka akangokhota pamsewu wa Namadzi. Amuna a ku Chiradzulu adapita ku Wenela, ku Salisbury, ku Joni, ndipo akupitabe. Ndalama zawo zidafolera malata, kusowa kwawo kudasiya amayi akulima okha. Ife sitili m'gulu la anthu 356,875 aja, koma chotsani zomwe timatumiza muone ngati midzi ina ingafike mwezi wa Febuluwale. Mapu enieni a mudzi wa kwathu lero ali ndi ngodya ku Johannesburg, ina ku Dublin, ina ku Brampton. Mbiri ya mudzi yomwe ithera pamalire a mudzi yasiya theka la anthu panja.

Pali china chomwe ambiri mudachiona musanauzidwe. Mlomwe wa pa esiteti ankaloledwa kukhala pamalo chifukwa chogwirira ntchito bwana mmodzi. Akakangana naye, ntchito yatha, nyumba yatha, ndipo kobwerera nkomwe adathawa. Ine chaka changa choyamba kuno ndidali ndi pemiti yolembedwa dzina la bwana mmodzi. Maola owonjezera sankalipidwa, ndipo ndidakhala chete, chifukwa chipinda chomwe ndinkagona chidali chake. Anzathu a ku Jamaica akhala akubwera kudzalima minda ya Ontario kuyambira 1966, a ku Mexico kuyambira 1974, ku Holland Marsh ndi ku Leamington, pamapemiti omangidwa kwa olemba ntchito. Mu 2023 nthumwi ya United Nations, Tomoya Obokata, idachenjeza kuti dongosolo lotere limatsegula khomo la ukapolo wamakono. Tisakokomeze: kuno kulibe chikoti, kuli makhothi, kuli mabungwe a antchito, ndipo tidabwera ndi ndege mwakufuna kwathu. Kunena kuti ndi chimodzimodzi nkunyoza agogo athu. Koma chingwe chake nchofanana: ukamanga pogona pa munthu ndi chilolezo chake kwa bwana mmodzi, sufunikanso chikoti.

Ndipo nthaka yomwe tikupondayi nayo ili ndi chikalata chake. Mu 1805 a Mississauga adalembedwa kuti agulitsa maekala opitirira 250,000, pomwe pali Toronto lero, pamtengo wa mashiling'i khumi. Mlanduwo udatha mu 2010 pomwe boma la Canada lidalipira madola 145 miliyoni. Ndiye ife kuno ndife obwera pamalo omwe eni ake adalandidwa ndi pepala, monga Alomwe adafikira padziko la Amang'anja lomwe lidali kale m'thumba mwa Bruce. Ku Magomero obwera ndi opezeka kale adatha zaka akuyang'anana ndi diso lofiira, pomwe mwini chikalata ali phee. Tisabwereze zimenezo kuno, kaya ndi eni dziko, kaya ndi anzathu a ku Philippines ndi ku Punjab omwe timagwira nawo ntchito.

Bukuli lili m'Chingerezi, ndipo amayi anga, omwe ndi nkhani yawo, sangaliwerenge. White adachita mbali yake, adatisungira zomwe zikadatayika. Zomwe sadathe kumva chifukwa cha nthawi ndi chilankhulo, tingazimve ndife, ndipo foni tili nazo. Pempho langa ndi ili: tisanakumanenso, aliyense aimbire wamkulu mmodzi wa kwawo pa WhatsApp, apemphe chilolezo chojambula mawu, afunse mafunso atatu. Mudzi wathu udachokera kuti? Munda uno adatipatsa ndani? Ndani adachoka osabweranso? Mubwere ndi mayankho, m'chilankhulo chomwe ayankhira. Ine ndayamba kale ndi azakhali anga a ku Namitambo, omwe Chilomwe akadachidziwa. Adandiseka kaye, akuti mpaka ukafike kwa azungu kuti uyambe kufunsa za kwanu. Atatha kuseka adalankhula ola lathunthu, ndipo za munda uja akuti tikambirane Lamlungu.